Chimfine chinatha, nanga bwanji mphuno ikukana kubwerera mwakale?

Funso: Adokotala, ndinadwala chimfine milungu itatu yapitayo. Kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi zinatha pa masiku ochepa, koma mpaka lero mphuno imatsekeka usiku, m'mawa ndimamina mamina olimba obiriwira, ndipo fungo la zinthu ndikulimva mwapatalipatali. Zikusintha ndithu, koma pang'onopang'ono kwambiri. Amuna anga atadwala COVID-19 anasiyiratu kumva fungo kwa mwezi wathunthu, chonsecho mphuno yawo inali yotseguka bwinobwino. Kodi tizilomboti timachita chiyani kwenikweni m'mphunomu? Tidakali momwemo? Ndiyambe kumwa maantibayotiki? *Mayi wa ana awiri*

Yankho: Mayi, ndiyambire ku funso lanu lomaliza, popeza ndi limene lingakuchititseni kanthu lero lomwe. Musayambe maantibayotiki mwa nokha. Mwanena kuti zinthu zikusintha, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo mawu amenewo ndi amene ndawagwira kwambiri m'kalata yanu. Vairasi imene inakudwalitsani n'kutheka kuti inatha kale. Chimene mwatsala nacho ndi bwalo pamene panachitikira ndewu, ndipo bwalo lotere silikonzeka tsiku lomwe mdani wathawa. Kuti zimenezi zimveke, tiyeni tilowe m'mphunomo.

Chala chimafika pakhomo pokha, pamene pali khungu wamba ndi tsitsi lija timaliona pagalasi. Kuseri kwake kuli chipinda chachitali chopita kumbuyo mpaka pamwamba pa mmero, chogawidwa pakati ndi khoma. Mbali iliyonse kuli timafupa titatu topindika, tokutidwa ndi mnofu wofewa wodzaza mitsempha ya magazi. Munthu wamkulu amapuma mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000 pa tsiku, ndipo wambiri umadutsa pamenepa. Umalowa wozizira, wouma, wafumbi. Ukamafika kummero umakhala utafunda, utanyowa, utasefedwa.

Ntchito yonseyi yagona pa kansalu kopyapyala ka maselo kamene kayala chipinda chonsecho. Maselo ambiri pakansaluko ndi aatali, ndipo lililonse lili ndi tiubweya pafupifupi 200 pamutu pake, tosaoneka ndi maso. Tiubweyati sitipumula. Timakupiza maulendo 10 mpaka 15 pa sekondi iliyonse, tonse cholowera mbali imodzi, monga momwe udzu wautali umaweramira mphepo ikamadutsa. Pakati pawo pali maselo ena ooneka ngati kachikho, amene amapanga mamina mothandizana ndi tiziwalo tina tobisika pansi pa kansaluko. Kenako pali maselo aafupi okhala pansi penipeni, osafika n'komwe pamwamba, amene pa tsiku wamba amaoneka ngati alibe ntchito. Awa ndi mbewu yosungidwa, ndipo tidzabwereranso kwa iwo. Maselo onsewa ndi omatana m'mbali ndi mapuloteni apadera, ngati njerwa zomangidwa bwino, kuti chinthu chisadutse pakati pawo.

Mamina nawonso si chinthu chimodzi. Pansi pali timadzi tosalimba mmene tiubweya timakupiziramo, pamwamba pali chonanda chomata chimene chimakola fumbi, mungu, mabakiteriya ndi mavairasi. Nsonga za tiubweya zimakankha chonandacho mamilimita angapo pa mphindi, kupita nacho kumbuyo, ndipo timachimeza osadziwa. Asidi wa m'mimba amamaliza zotsalazo. Pali njira yakale yoyesera zimenezi imene ine ndimaikondabe chifukwa cha kuphweka kwake. Timaika kachidutswa ka sakarini (mankhwala otsekemera kwambiri), kochepa ngati kamchenga, kutsogolo kwa mphuno, n'kumuuza munthu kuti akhale chete, asamine, asakoke mamina. Pakatha mphindi 10 mpaka 20 amakweza dzanja: wamva kutsekemera kukhosi. Palibe chimene wachita. Tiubweya tanyamula kachidutswako ulendo wonse. Munthu yemweyo mukamuyesa ali ndi chimfine, mudikira nthawi yaitali, mwina mpaka kutopa.

Tsono vairasi ikafika, imafika pa malo otetezedwa chotere. Payokha siidya, siikula, siiswana. Kuti ichuluke iyenera kulowa m'selo lamoyo n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo. Choyamba iyenera kuboola chonanda chija chisanaikokolole, kenako ipeze pogwira pa khungu la selo. Pogwira pamenepa mpamene pamasiyanitsa matenda ambiri a m'mphuno. Ma rhinovirus, amene amayambitsa chimfine chambiri mwa chimfine chonse, ambiri amagwira pa puloteni yotchedwa ICAM-1, zimene zinadziwika mu 1989. Chomvetsa chisoni n'chakuti puloteni imeneyi ntchito yake yeniyeni ndi yoti maselo oyera a magazi azigwirapo akamabwera kudzathandiza, ndipo mphuno ikatupa imachuluka. Fuluwenza imagwira pa tishuga tina totchedwa sialic acid. Mamina ali ndi tishuga tomweti ngati nyambo, choncho vairasi yambiri imakodwa mmenemo, koma fuluwenza ili ndi puloteni yodulira, neuraminidase, imene imaimasula. Mankhwala a oseltamivir amagwira ntchito pofooketsa chodulira chimenechi. Vairasi ya COVID-19 imagwira pa puloteni ina yotchedwa ACE2. Fuluwenza ya mbalame imakonda mtundu wina wa tishuga tija umene mwa munthu umapezeka kwambiri kunsi m'mapapo osati m'mphuno, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene siifalikira mosavuta pakati pa anthu.

Vairasi ingalowe ndi mpweya, ingabwere ndi chala, ingadzerenso m'diso, pakuti pali kanjira ka misozi kotsikira m'mphuno. Kawirikawiri tiubweya tomwe tija ndi timene timainyamula n'kukaitula kumbuyo kwa mphuno, pamwamba pa mmero. N'chifukwa chake chimfine chimakonda kuyamba ndi kukanda pakhosi mphuno isanayambe kuchucha. Rhinovirus ikalowa m'selo, pa maola 8 mpaka 10 okha imakhala itaswa kale ana atsopano okalowa m'maselo oyandikana nawo.

Apa mpamene pali nkhani imene inadabwitsa madokotala. Akatswiri a pa yunivesite ya Virginia ku America, Jack Gwaltney, Owen Hendley ndi Birgit Winther, anakhala zaka zambiri akuthira rhinovirus m'mphuno za anthu odzipereka, kenako n'kumatsina kamnofu ka m'mphunomo kukaunika pa maikulosikopu. Munthu ali chimine, maso ali psuu, mutu ukuwawa, mungayembekezere kupeza kansalu kong'ambikang'ambika. Iwo anapeza kansalu kali chiyalire. Maselo amene vairasi inalowamo anali ochepa, apa ndi apo ngati madontho. Anaonanso kuti mwa anthu amene vairasi inawagwiradi, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse sankamva kudwala kulikonse. Ndiye kuti kuzunzika kwa chimfine wamba, kwakukulukulu, sikuchokera pa zimene vairasi yawononga ayi. Kumachokera pa mmene mphuno yanu yayankhira.

Yankholo limayamba ndi selo lomwe lalowedwa. M'kati mwake muli alonda ozindikira kuti chibadwa (malangizo opangira vairasi) chimene chikukopedwa pano si chathu. Likazindikira, selo limatulutsa mapuloteni otchedwa interferon, amene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anawatulukira ku London mu 1957 pofufuza za fuluwenza. Interferon ndi mfuu yochenjeza anansi. Maselo oyandikana akaimva amayamba kupanga mapuloteni ambirimbiri odula chibadwa cha vairasi, oimitsa makina okopera, otsekereza ana a vairasi kuti asatuluke. Nkhondo yaikulu imapambanidwa kapena kuluzidwa pa maola oyambirirawa, munthu asanadziwe n'komwe kuti watenga kanthu. Mu 2021 ku London, achinyamata 36 athanzi, amene anali asanadwalepo COVID-19 kapena kubayitsa katemera, anavomera kudonthezeredwa vairasi ya matendawa m'mphuno. Mlingo unali wofanana kwa onse, koma amene anagwidwa nayo kwenikweni anali 18. Ataunika maselo a m'mphuno mwa ena a iwo, anapeza kuti mwa amene vairasi inangooneka pang'ono n'kuzimiririka, mphuno inayankha msangamsanga, pamene mwa amene anadwala yankho la m'mphuno linachedwa masiku angapo.

Ndipatuke pang'ono. M'mphuno mumazizira kuposa m'kati mwa thupi, madigiri 33 mpaka 34 poyerekeza ndi 37, ndipo n'zodziwika kuyambira kale kuti ma rhinovirus ambiri amaswana bwino pa kutentha kotsikaku. Mu 2015 Ellen Foxman ndi Akiko Iwasaki a pa yunivesite ya Yale ku America anaonetsa, pogwiritsa ntchito maselo a njira zopumira za mbewa, kuti pa madigiri 33 mfuu ya interferon imakhala yofooka. Choncho akuluakulu akamati kuzizidwa kumabweretsa chimfine, sanaphonye kotheratu. Kuzizira sikulenga vairasi, koma kungagonetse alonda.

Pambali pa interferon, maselo olowedwa amatulutsanso mankhwala ena oitana thandizo, ndipo amenewa ndi amene inu mumawamva. Ena amatekenya mitsempha yotumiza uthenga ku ubongo, ubongo n'kulamula kuyetsemula ndi kuuza tiziwalo tija kuti titsegule madzi. Ndiwo mamina amadzimadzi a tsiku loyamba ndi lachiwiri. Ena amamasula makoma a timitsempha ta magazi kuti madzi a m'magazi, odzaza mapuloteni olimbana ndi matenda, atulukire pamwamba. M'madzi amenewa mumapangika kapuloteni kotchedwa bradykinin, kamene kamawawitsa pakhosi ndi kuchuchitsa mphuno. Ofufuza akapopera bradykinin yokha m'mphuno mwa munthu wabwinobwino, amamva ngati wayamba chimfine.

Kutsekeka kwa mphuno anthu ambiri amakunamizira mamina. Ndikalowetsa kachubu kounikira m'mphuno mwa munthu wachimfine, chimene chimanditsekereza njira si mamina. Ndi kafupa kapansi kaja, mnofu wake utafufuma, wofiira, wonyezimira, utakhudzana ndi khoma lapakati, mwina kaulusi kamodzi ka mamina katapingasa pampata wotsalawo. M'mnofumo muli mitsempha ikuluikulu ya magazi imene imadzaza ndi kuphwa ngati siponji. Ngakhale pa tsiku loti muli bwino, mbali ziwiri za mphuno zimasinthana kufufuma pa maola angapo alionse, kungoti simuzindikira. Pa chimfine kufufumako kumapyola muyeso. Mukagona, magazi amadzazana kwambiri kumutu, ndipo mukagonera mbali imodzi, mphuno yakunsi ndi imene imatseka. Apo mwaona chifukwa chake vuto lanu limakula usiku, komanso chifukwa chake mungamine mpaka mphuno kusupuka koma njira osatseguka. Mankhwala opopera monga xylometazoline ndi oxymetazoline amafinya mitsempha imeneyi ndipo amatsegula mphuno pa mphindi zochepa. Koma mukapitirira nawo masiku atatu mpaka asanu, mitsempha imazolowera, ndipo mphamvu ya mankhwala ikangotha imafufuma kuposa kale. Ndakumanapo ndi anthu amene chimfine chawo chinatha miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo koma kabotolo kadakali m'thumba, kena pansi pa pilo. Ngati mwakhala mukupopera milungu itatu yonseyi, Mayi, mwina wotseka mphuno yanu panopa ndi kabotoloko.

Nanga zobiriwirazo? Palibe chikhulupiriro chimene ndimalimbana nacho kawirikawiri ngati chakuti mamina obiriwira ndi umboni wa mabakiteriya, ndipo ndivomereze kuti ngakhale ena a ife ovala makoti oyera timachilimbikitsa tikamafuna kumaliza msanga mzere. Mfuu ija ikamveka, maselo oyera a magazi otchedwa ma neutrophil amakhamukira m'mphuno miyandamiyanda. M'kati mwawo muli puloteni yophera tizilombo, myeloperoxidase, yokhala ndi chitsulo, ndipo mtundu wake ndi wobiriwira. Akachuluka pang'ono mamina amayera ngati mkaka, akaonjezeka amakhala achikasu, akadzazana ndi kukhalitsa amabiriwira. Amabwera kaya mdani ndi vairasi kaya ndi bakiteriya. Usiku mamina amakhala malo amodzi maola ambiri n'kuuma pang'ono, n'chifukwa chake a m'mawa ndi amene amaopsa maonekedwe. Mtundu wokha sutiuza kuti mukufunika maantibayotiki, ndipo maantibayotiki alibe pogwira pa vairasi.

Si mavairasi onse ali ofatsa ngati rhinovirus. Fuluwenza imapha maselo amene yalowamo, ndipo kansalu kamasupuka m'malo ena mpaka kutsala maselo apansi okha. Adenovirus nayonso imawononga. RSV imalunjika maselo a tiubweya n'kuwagwetsa, ndipo kwa munthu wamkulu chimangokhala chimfine, koma kwa khanda ndi nkhani ina: khanda la miyezi yochepa limadalira kwambiri mphuno popuma, choncho ikatseka limalephera kuyamwa, ndipo vairasiyo ikatsikira m'tinjira ting'onoting'ono ta m'mapapo maselo akufawo amatitseka. Vairasi ya COVID-19 imachititsa maselo kuthothoka tiubweya, selo n'kutsala lamoyo koma lampala. Ngakhale rhinovirus yofatsayo imamasula zomatira za pakati pa maselo ndi kusokoneza kukupiza kwa tiubweya.

Ndiye tafika pa milungu yanu itatu. Vairasi ikagonja, maselo aafupi aja amadzuka. Amayamba ndi kudzitambasula, kuphwatalala kuti aphimbe pamene pasupuka. Kenako amagawikana, ana awo n'kutalika, ena kusanduka opanga mamina, ena kumera tiubweya. Tiubweya ndi timene timabwera pomalizira, ndipo tikangomera sitikupiza mogwirizana nthawi yomweyo. Mu 1985 ofufuza a ku North Carolina, ku America, anafalitsa zimene anaona m'maselo a m'mphuno mwa ana odwala matenda a mavairasi: tiubweya tinali titachepa, tina topangika molakwika, ndipo kansalu kanatenga milungu 2 mpaka 10 kuti kabwerere mwakale. Panthawi yonseyi mamina akupangidwa ambiri koma osesa ndi ochepa. Amaunjikana, amalimba, amatsetserekera kukhosi n'kumakutsokomoletsani usiku. Mitsempha ya uthenga nayo imakhala idakali yosachedwa kutekeseka, moti utsi pang'ono, mafuta onunkhira kapena mphepo yozizira zimakuyetsemulitsani pamene kale simunkazimva n'komwe. Utsi wa fodya, wosuta nokha kapena wosutidwa ndi wina m'nyumba, umafooketsa tiubweya ndipo umatalikitsa nyengo imeneyi.

Popeza muli ndi ana awiri, pali chinthu chinanso chimene ndikuchikayikira. Kuyambira pamene Winston Price wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anapatula rhinovirus yoyamba mu 1956, mitundu yodziwika yapitirira 160, ndipo chitetezo chimene mumapeza pa mtundu umodzi sichikutetezani mokwanira ku unzake. Ana aang'ono amadwala chimfine maulendo 6 mpaka 8 pa chaka, akuluakulu awiri kapena atatu, ndipo makolo a ana aang'ono amaposa pamenepo. Zimene mukuziwerenga ngati chimfine chimodzi chosatha zingakhale ziwiri zotsatizana, chachiwiri chitapeza kansalu kasanamalize kukonzeka. Takumbukirani ngati mmodzi wa anawo anayamba kuchucha mamina mlungu wachiwiri.

Sindikunena kuti mabakiteriya salowererapo. Kumbuyo kwa mphuno mwa anthu ambiri, makamaka ana, kumakhala mabakiteriya monga pneumococcus, Haemophilus influenzae ndi Moraxella, ali phee osavutitsa. Tiubweya tikafooka ndipo zomatira zikamasuka, amapeza mpata. M'mafupa a nkhope muli mphako zodzaza mpweya, masinasi, zoyalidwa ndi kansalu komweka, ndipo zimatulutsira mamina ake m'mphuno kudzera m'timabowo ta mamilimita ochepa. Mphako ya m'tsaya kabowo kake kali kumwamba, ndiye tiubweya timachita kukankha mamina chokwera. Mnofu ukatupa, kabowoko kamatseka. Mu 1994 Gwaltney uja anajambula ndi makina a CT, oonetsa m'kati mwa thupi, anthu odwala chimfine wamba, ndipo mwa 87 pa 100 alionse mphako za m'masaya zinali zitakhudzidwa. Mwa ambiri amene anawajambulanso patatha milungu iwiri zinali zitayera popanda maantibayotiki. Chimfine chimene chimasanduka matenda enieni a mabakiteriya m'masinasi mwa akuluakulu sichipitirira 2 pa 100. Timachizindikira ndi kayendedwe ka matenda, osati mtundu wa mamina: masiku 10 kutha popanda kusintha ngakhale pang'ono; kapena munthu kuyamba kupeza bwino kenako n'kubwereranso pansi ndi kutentha thupi; kapena kutentha thupi kwa madigiri 39 pamodzi ndi mafinya ndi kupweteka kwa nkhope masiku atatu kapena anayi otsatizana kuyambira pachiyambi. Mwa ana, njira yolumikiza kumbuyo kwa mphuno ndi khutu ndi yaifupi ndiponso yogona, choncho vuto lawo limakonda kuthera m'khutu.

Gulu la Gwaltney lomwelo linaonetsanso mu 2000 kuti kumina mwamphamvu kumakankhira mamina m'masinasi, pamene kuyetsemula ndi kutsokomola sikutero kwenikweni. Minani mbali imodzi panthawi, modekha.

Tsopano za fungo, pakuti inu ndi amuna anu mwataya chinthu chimodzi m'njira ziwiri zosiyana. Malo onunkhizira ndi kachigawo kakang'ono padenga penipeni pa mphuno, pakati pa maso. Pamenepo pali maselo a mitsempha ya uthenga amene nsonga zake zasuzumira m'mamina, ndipo michira yake yaboola fupa kukalowa muubongo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zolandirira fungo. Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira banja la zolandirirazi mu 1991, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Mpweya umene umakwera kufika padengapo ndi wochepa ngakhale pa tsiku labwino, ndipo kampata kake n'kopapatiza. Kutupa pang'ono chabe kumakatseka. Kwa inu, mwachionekere, onunkhiza ali bwinobwino koma fungo silikuwafika. Mungadziyese: ngati nthawi zina, mphuno ikatseguka mutayenda mofulumira kapena mutasamba madzi otentha, fungo limabwerera kwakanthawi, ndiye kuti vuto ndi njira.

Amuna anu njira inali yotseguka, vuto linali padenga pomwepo. Maselo onunkhiza sakhala okha. Azunguliridwa ndi maselo ena owachirikiza, owadyetsa ndi kusamala mchere wa m'mamina owazungulira. Mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Harvard ku America anaonetsa kuti ACE2, pogwira pa vairasi ya COVID-19, imapezeka pa maselo ochirikizawa osati pa onunkhiza enieniwo. Ochirikiza akagwa, onunkhiza amathothoka tinsonga tawo n'kukhala chete, ndipo fungo limazima mwadzidzidzi ngati wazimitsa nyali. Mwayi wake ndi wakuti padengapo palinso mbewu yosungidwa. Ochirikiza amamera msanga, n'chifukwa chake anthu ambiri fungo linabwerera pa milungu ingapo monga zinachitikira kunyumba kwanu. Ngakhale maselo onunkhiza enieniwo amatha kubadwa atsopano pa moyo wonse wa munthu, chinthu chimene mitsempha yambiri ya m'thupi siichita. Koma atsopanowo ayenera kupezanso malo awo muubongo, ndipo pofufuza njira fungo limatha kusokonekera. Mayi wina anandiuza, misozi ili m'maso, kuti khofi akumumva ngati tayala lopsa ndipo sopo wa mwana wake akununkha ngati zoola. Ankaopa kuti wayamba misala. Sanali kupenga. Kusokonekera kotere kumakonda kubwera patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo nthawi zambiri kumasonyeza kuti mitsempha ikumera. Fuluwenza ndi mavairasi ena a chimfine nawonso amatha kuwononga padengapo. Madokotala a mphuno ankaliona vutoli kalekale COVID-19 isanabwere, kungoti anthu ake anali ochepa.

Fungo likachedwa kubwerera, chothandiza chimene chili ndi umboni ndi kuliphunzitsanso. Wofufuza Thomas Hummel wa ku Dresden, ku Germany, anafalitsa njirayi mu 2009: kununkhiza mafungo anayi, a duwa la rozi, bulugamu, ndimu ndi ma clove, kawiri pa tsiku kwa milungu 12. Chofunika si mafungo anayi amenewo okha ayi, koma kununkhiza mwachidwi, masekondi 15 kapena 20 pa fungo lililonse, uku mukukumbukira mmene linkamvekera. Pakadali pano samalani ndi zinthu zimene mphuno imatichenjeza, monga utsi, gasi wophikira ndi chakudya chosasa. Ndipo musathire m'mphuno mankhwala okhala ndi zinc. Mu 2009 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza anthu za mankhwala otere atalandira madandaulo ambiri a anthu otaya fungo.

Chimene mungachite kuyambira lero n'kugwirira ntchito tiubweya pamene tikumera. Tsukani m'mphuno ndi madzi amchere kamodzi kapena kawiri pa tsiku, magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi. Madziwo akhale owiritsa n'kuziziritsa mpaka kufunda pang'ono, osati otunga n'kuthira, chifukwa tizilombo tina tosavulaza m'mimba timaopsa tikafika padenga la mphuno. Weramirani kutsogolo, pendeketsani mutu, thirani mbali yakumwamba, madzi atulukire inayo, uku mukupumira pakamwa. Ulendo woyamba ndi wosasangalatsa, wachitatu mudzakhala mutazolowera. Kwezani mutu pogona, ndipo utalikireni utsi.

Pitani kuchipatala osadikira ngati diso kapena chikope chatupa, ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri, ngati mutu ukupweteka koopsa kapena khosi lauma, kapena ngati kutentha thupi kwabwereranso. Kutsekeka kwa mbali imodzi yokha kosasinthana ndi inzake, makamaka kotuluka timagazi, nakonso n'kofunika kuunikidwa. Mwa mwana, mamina onunkha a mbali imodzi kawirikawiri amatanthauza kuti walowetsamo kanthu. Kusintha kwanu kukaima, mlungu wathunthu n'kutha osaona kusiyana, kaonaneni ndi dokotala, ndipo mukamuuze tsiku limene munayamba kudwala, ngati munapezapo bwino pakati, ndi masiku amene mwapopera mankhwala. Zikafika milungu 12 mphuno idakali yotseka kapena fungo lisanabwerere, sitikambanso za chimfine. Pamenepo pemphani kuti wina akuunikeni ndi kachubu kaja, chifukwa timakhala tikufufuza zina: kudana ndi fumbi kapena mungu, kutupa kokhalitsa kwa masinasi, kapena tinthu tofewa tomera m'mphuno totchedwa ma polyp, ndipo zonsezi mankhwala ake oyambira ndi ma steroid opopera m'mphuno, ochepetsa kutupa, amene alibe vuto lija la kuzolowera.